Khutu Lotsala la Sidiki

Esha anali chogwada m'nyumba akuzira, dothi lakuda lili mpaka m'zigongono, pamene mlamu wake Nafisa anatulukira pakhomo ali wefuwefu.

"Alamu, siyani zimenezo. Achimwene ali kwa a Fanuel, pansi pa mtengo wa mango. Akuti awaboola khutu."

"Khutu liti?"

"Lakumanja."

Esha anaponya pansi mwala wozirira. Lakumanja ndilo linali lotsala. Mwamuna wake Sidiki anabwera kuchokera kunkhondo ya ku Bama lakumanzere litaferatu ndi mizinga. Lakumanjalo linkamva pang'ono, munthu akayandikira n'kukuwa. Ndilo linkamva azana, kuitana kwa kumzikiti, ndilo linkamva mwana wawo Sakina akalira, ndipo Esha ankathira momwemo zonse za kukhosi kwake. Koma panyanja silinkakwanira. Asodzi anzake anamuuza poyera kuti ulendo wokapha nsomba ku chilumba cha Mbenji samutenga, chifukwa munthu wosamva kuitana amang'ambitsa khoka.

Sikuti Esha anangokhala manja lende. Nthawi ya dzinja anamukokera mwamunayo ku chipatala cha ku boma ku Salima, wapansi, mwana kumsana. Dresala, wothandiza odwala pachipatalapo, anaunika m'khutumo n'kupukusa mutu. Anati iye anaphunzira zilonda ndi jekeseni basi. Za m'kati mwa khutu zili ndi sukulu yakeyake ya zaka ndithu, ndipo wotsiriza sukuluyo amayesedwa kaye boma lisanamulole kugwira munthu. Kuno wotero kulibe, anatero, ndiye musalole wina aliyense kulowetsamo kanthu. Esha anamutukwana dresalayo njira yonse yobwerera chifukwa cha mapazi ake, koma mawuwo anawasunga.

Atamva za Nafisazo, Esha sanasambe n'komwe m'manja. Anapeza anthu atazungulira mtengo wa mango ngati pali gule. Sidiki anali atakhala pa mtondo wovundikira, mutu atapendeketsa. Fanuel, amene anabwera kunkhondo komweko ndi jasi loyera ndi kabokosi kachitsulo, ankawotcha sipoko ya njinga pa makala. Nsonga yake inali yonoledwa.

"Utsi wa mizinga unauma m'katimu," Fanuel ankauza anthuwo. "Tikaboola utuluka, munthu amva ngakhale udzudzu."

"Chotsani chimenecho pamoto," anatero Esha.

Fanuel anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Mayi, pano si pamtondo."

"Ndaona. Mtondo mwakhazikapo amuna anga. Za makutu munaphunzira kuti, inu?"

"Nkhondo yonse ndinali pambali pa dokotala wachizungu."

"Pambali! Inenso zaka zonsezi ndagona pambali pa msodzi. Munandionapo ndikuponya khoka?"

Amayi ena anaseka. Fanuel anakonza kolala ya jasi lake. "Mkazi wopanda mwambo. Kodi kwanu amakuphunzitsani kulalatira madokotala?"

"Dokotala wanji? Anakuyesani ndani? Anakulolani ndani? Wa ku boma, amene ali ndi nyali yake yeniyeni, anakana kugwira khutu limeneli. Inu ndi sipoko yanuyo ndiye mwamuposa?"

Sidiki ankayang'ana milomo ya mkazi wake. Anayankhula mokweza, monga amachitira anthu osadzimva okha. "Mayi a Sakina, bwererani kunyumba. Ameneyu ndikumudziwa ine. Ku Bama ankachapa zovala za dokotala."

Esha anawerama, pakamwa pafupi ndi khutu lija. "Ndiye mukudziwa? Mukudziwa, n'kukhalabe pamenepa ngati mbuzi yodikira mpeni?"

"Nanga wina alipo?" anatero Sidiki. "Ndiuzeni, wina alipo? Anzanga azipita ku Mbenji, ine ndizitsala ndi akazi kuyanika usipa wa eni?"

Ukali wa Esha unangowonjezeka. Anatembenuka, nazula sipoko ija pamoto ndi nsonga ya chitenje. Ndi dzanja linalo anagwira jasi la Fanuel pachifuwa, zala zonse zadothi zinadinda pansalu yoyerayo.

"Inunso munali kumizinga komweko. Utsi uli m'mwanumo. Pendeketsani mutu. Tiyambe lanu, ndikuboolani ine. Mukadzuka mukumva udzudzu, amuna anga ndiwagwira ndekha."

"Iwe, ndisiye! Wapenga?"

"Mukuopa chiyani? Si mankhwala anu omwe? Inenso ndaphunzira, ndaima pambali panu."

"Agwireni adokotalawo!" anafuula mnyamata wina wa m'bwato, ndipo amuna awiri anasendera pafupi akuseka. Fanuel anadzipokonyola, batani linathothoka. Anatola kabokosi kake akutukwana, nati anthu a kunyanja ndi mbuli, adzafa ndi ugonthi wawo. Analowera njira ya ku Lifuwu osacheuka.

Esha anaponya sipokoyo m'tchire. Palibe amene anamuthokoza. Sidiki anadzuka pa mtondo paja pang'onopang'ono, nadutsa pakati pa anthu osayang'ana munthu, mkazi wake akumutsata m'mbuyo.

Kunyumba dothi lija linali litayamba kuuma, theka la pansi losalala, theka lina long'ambika ming'alu, ndipo nkhuku zinali zitapondamo. Sidiki anakhala pakhonde, nayang'ana kunyanja kumene anzake ankamata mabwato a ulendo.

"Mudzandithokoza tsiku lina," anakuwa Esha ali pakhomo. "Mwamva? Bola limenelo lilipo."

Sidiki anamva. Anasuntha mpando wake mwakachetechete, nakhala cham'mbali, khutu lakufa lija kuloza kukhomo.

Esha anaima pamenepo kanthawi, akuyang'ana khutulo. Kenaka anathamangitsa nkhuku, nawaza madzi pa dothi louma, n'kugwadanso ndi mwala wake pomwe anasiyira.