Tsiku Limene Ululu Unaleka

Amuna anga anali akugubuduka pansi pa benchi ya kuchipatala, manja ali m'nthiti, akubuula ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Munthu amene sanagwetse msozi ngakhale pa maliro a mayi ake, tsiku limenelo anawaitana mayi akewo mpaka mawu kusasa.

Ntchito yawo inali yoyendetsa kireni, chimakina chachitali chija chokweza zitsulo ndi simenti pomanga nyumba zosanjikizana. Akakwera m'mawa ankatsika dzuwa litapendeka, ndipo poti kumwambako kulibe chimbudzi, anadziikira lamulo loti asamamwe madzi. Botolo lomwe ndinkawalongedzera linkabwerera lodzaza. "Ukamwa utsika, ukatsika ntchito yaima," ankatero monyada. Tsopano lamulo lawolo linali litabala mwana.

Atawabaya jakisoni n'kuwajambula, adokotala anatiitanira m'kachipinda. Anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu woyamba, ndipo ndinaona nkhope ya amuna anga ikugwa asanamve n'komwe mawu. Adokotalawo anatembenuza kompyuta kuti tione.

"Bambo, iyi ndi impso yanu yakumanzere. Kanjira aka kamatsitsa mkodzo kupita m'chikhodzodzo. Koyera mukuonaka ndi mwala, ndipo watseka njira. Impso yayamba kutupa."

"Ndiye mundipatse mankhwala osungunulira."

"Ukanakhala waung'ono tikanakupatsani mapiritsi otakasa kanjirako, mukumwa madzi ambiri, ukanatuluka wokha. Alipo makina oswa mwala ali kunja kwa thupi, koma wanuwu ndi wolimba ndipo wabisala kuseri kwa fupa. Chabwino kwa inu n'kulowetsa kapaipi kakang'ono kokhala ndi kamera, tiuphwanye ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza. Sitichekani paliponse. Tikugonekani tulo, mawa lake muli kunyumba."

"Ngati simucheka, kapaipiko kalowera pati?"

Adokotala sanaphethire. "Pomwe mkodzo umatulukira."

Amuna anga anasonkhanitsa mawondo, n'kuyang'ana kudenga.

"Mwanangu, ine ndi msinkhu wa bambo anu," anatero. "Ndikaganize kaye."

Kuganiza kwake kunali kotani? Jakisoni anali atagwira ntchito, ndipo mwamuna ululu ukamuchoka amakumbukira kuti ndi mwamuna. Tikutuluka, adokotala anandikodola pakhomo. Anati ndiwagulire kasefa ka tiyi azikodzeramo, kuti mwala ukatuluka tiuone ndi maso.

"Koma mayi, mundimvetse," ananong'ona. "Ululu ukaleka mwalawo musanauone, musasangalale. Bwerani nawo msanga."

Kunyumba anzawo a kuntchito anabwera kudzazonda odwala, ndipo aliyense anasanduka dokotala. Wina anati msuweni wake anamulowetsa kapaipi komweko, mpaka lero anagwa m'papaya, mkazi anathawa. Msuweniyo analibe dzina, analibe kwawo, koma amuna anga anamukhulupirira kuposa chithunzi cha impso yawo yomwe. Ine ndinkawapatsira tiyi alendowo mtima ukuwira.

Ululu unkapita n'kubwera kwa masabata angapo. Kenaka m'mawa wina ndinadzidzimuka ndi likhweru. Ndinawapeza kubafa akumeta ndevu, nsapato za kuntchito zili pakhomo.

"Mayi a ana, watuluka! Thupi lapepuka ngati la mnyamata."

"Watulukira pati? Sefa ndikutsuka ndine, sindinaonemo ngakhale kamchenga."

"Wasungunuka."

"Mwala umasungunuka ngati shuga? Adokotala anati ululu ukaleka tipite."

"Tikawauze chiyani? Kuti ndabwera poti sindikumva kuwawa? Anthu andiseke?" Anapukuta sopo kumaso. "Kodi thupili ndi langa kapena lanu?"

Ndinalira, ndinanyengerera, ndinakana kuwaphikira. Ndinaimbira foni alamu anga, achimwene awo aakulu, omwe mawu awo sagwa pansi m'banjamo. Iwo anangoseka.

"Mlamu, munthu wachira, inu mukufuna adwalenso? Thokozani Mulungu."

Ndinatsala ndekha ndi mantha anga, ndipo mantha opanda mnzawo amatopa. Amuna anga ankadya, ankaseka, ankakwera makwerero awo. Dzinja linabwera n'kupita. Nthawi zina ndinkawaona akutsamira khoma, nkhope itatuwa, koma ndikafunsa ankati ndi dzuwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Masana ena kapitawo wawo anandiimbira kuti ndithamangire kuchipatala. Anati amuna anga anayamba kunjenjemera ali kumwamba, akulankhula zosokonekera pa wailesi ya ntchito, mpaka anzawo anachita kuwatsitsa atawamanga malamba. Ndinawapeza thupi likutentha ngati mbaula, mano akugundana, osandizindikira.

Anali adokotala omwe aja. Sananditukwane, sananene kuti ndinakuuzani. Mwina akanatero zikanandipepukira. Anaboola kumsana n'kuikako chubu, ndipo zomwe zinkatsikira m'thumba sizinali mkodzo, anali mafinya. Kutentha kutatsika anawayezanso, kenaka anandikhazika pansi.

"Mayi, impso ikatsekeka imalimbana, ndiwo ululu uja. Ikatopa imasiya. Tsiku limene bambo anasiya kumva kuwawa ndi pomwe inayamba kufa. Panopa yangokhala thumba la matenda, tiyenera kuichotsa isawaphe."

"Nanga leza ija?"

"Mwala tingathe kuuswa. Koma njira titsegulire ndani?"

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Ndinakwiyira amuna anga, anzawo aja, alamu anga, ngakhale msuweni wosaoneka uja. Koma atawatulutsa ku fiyeta opaleshoni itatha, bandeji itayambira pamimba kukafika kumsana, mkwiyo wonse unasanduka chisoni. Anaoneka aang'ono pabedipo, milomo itang'ambika.

Patapita masiku anayamba kukhala tsonga. Madzulo ena, odwala anzawo akulandira chakudya, ndinawaona atasiya supuni m'mbale. Dzanja lawo silinali pabala. Linali mbali inayo, yakumanja, komwe kwatsala impso imodzi, ndipo anali atapendeketsa mutu ngati munthu womvetsera pakhomo pa chipinda cha khanda.

"Bwanji bambo, kukuwawa?"

"Ayi," anayankha motsitsa. "Sikukuwawa ngakhale pang'ono."

Anandiyang'ana maso ali tong'o, zala zikukanikiza m'nthiti.

"Mayi a ana, kuno kuli zii. Taitanani anamwino."