Mpira Uyambe kwa Amalume

Mkono wa mlongo wanga Obby unadziwika chifukwa cha nthochi. Amayi athu, ba Eness, amagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa pamsewu waukulu ku Chinyunyu, kufupi ndi akasupe otentha aja. Mabasi aakulu a ku Chipata saima pathu, amangochepetsa liwiro pamahampu ngati akutichitira chifundo. Ndiye kuyambira ali giredi sikisi, ntchito ya Obby inali kuponya nthochi pawindo basi ikuyenda. Munthu akatulutsa dzanja pampando wachitatu, phava la nthochi linkamupeza pomwepo, osati pampando wachinayi. Ine Mwaka, mkulu wake, ndinaima naye pamahampu amenewo zaka zisanu ndi ziwiri ndipo sindinaonepo nthochi itagwa pansi.

Amene anaona kuti mkono umenewu ukuwonongekera pa nthochi ndi aphunzitsi ba Evaristo. Iwo anapita kumaphunziro a zamasewera ku Lusaka n'kubwerako ndi matumba awiri. M'thumba loyamba munali timipira tolimba ngati mwala, zibonga zosalala ndi magolovesi aakulu. Amenewa anati ndi masewera a besibo. M'thumba lachiwiri munali mpira wooneka ngati papaya, wa ku Amereka, umene sumenyedwa ndi phazi koma kuponyedwa ndi manja. Zipewa zachitsulo zimene timaziona pa TV munalibe, choncho anyamata ankangosomeka tinsalu m'chiuno. Wina akakusolola kansalu ndiye kuti wakugwetsa. Theka la tinsalu timeneto linachokera ku chitenje changa, ndipo palibe anandipempha.

Obby analowa masewera onse awiri. Pa besibo ntchito yake inali yophweka: kuponya kampira kwa mnzake wonjuta kutsogolo, wachibonga asakakhudze. Anyamata a ku Shikabeta anabwera katatu kudzamenya mphepo n'kubwerera kwawo. Pa mpira wa papaya anamupatsa udindo wotchedwa kwotabaki. Munthu ameneyu amalandira mpira, n'kuyang'ana anzake amene akuthamangira kutsogolo, n'kusankha mmodzi amene alibe womulondera, n'kumuponyera, zonsezi asanawerenge mpaka folo.

"Mkono ni hafu chabe," ankatero ba Evaristo. "Hafu inangu ni kusankha."

Apa ndi pamene panali vuto, chifukwa Obby chibadwire anali asanasankhepo chilichonse. Kwathu mwana sasankha. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba imadziwa yokha mbale yopitako, ndipo mbale imeneyo ndi ya amalume ba Festus, mlongo wamkulu wa amayi, mwini mbumba yathu.

Ba Festus amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ali ndi zaka makumi anayi kudza zisanu ndi chimodzi, mimba yotsogola, ndi mbiri yoti anasewerapo mpira ku Kabwe. Mbiri imeneyi ilibe mboni ina kupatula iwo eni. Atamva kuti vidiyo ya Obby ikuzungulira m'mafoni, anasiya tayala lili m'madzi n'kubwera kubwalo kudzalengeza kuti ndiwo manijala. Tsiku lina nthawi yopalira, anyamata ataperewera, ba Evaristo anawapempha kuti angoima m'bwalo pa mpira wa papaya chiwerengero chikwane. Mpaka lero ba Evaristo amati pa zolakwa zonse za moyo wawo, chimenechi ndicho chachikulu.

Kaseweredwe ka amalume kanali kotere. Ankathamanga mapazi asanu ndi limodzi, n'kutembenuka, n'kukweza manja onse ngati ali m'pemphero, n'kuitana. Obby ankawaponyera pang'onopang'ono, mwaulemu, monga mmene umaperekera madzi akumwa kwa mkulu. Mpira ukawapulumuka, mlandu unkakhala wa mphepo. Posakhalitsa anakhazikitsa lamulo: mpira uyambe kwa akulu. Poyamba unali mpira woyamba wokha. Kenako unakhala uliwonse umene iwo aitana.

M'timumo munalinso Eugene, mnyamata wa kufupi ndi boma la Rufunsa amene ankabwera panjinga. Iye ankathamanga ngati wabera munthu, ndipo manja ake sankataya kanthu. Obby akaponyera Eugene, anthu ankasiya malonda n'kudzaonerera.

Mwezi wa June, Obby ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mwayi unabwera pawiri. A besibo ku Lusaka analemba kalata yokhala ndi dzina lake. Ankamufuna Loweruka kuti akamuone komaliza, ndipo akakhutira amupatsa malo ogona ndi sukulu yoti amalize giredi thwelofu imene anaisiyira panjira. Ba Evaristo anati amenewo anali atamutenga kale, ankangofuna aone nkhope. Koma Loweruka lomwelo a mpira wa papaya ankatumiza munthu ku Chinyunyu kudzasankha wosewera mmodzi yekha, wopita kusukulu ngati yomweyo.

Ndinamufunsa Obby tili pamahampu chimene iye ankafuna.

"Ine nifuna chabe kuchoka pano, ba Mwaka," anatero. "Nalema na fumbi ya mabasi."

"Ndiye yenda ku Lusaka. Kalata ili na dzina yako."

"Ba malume bazakamba."

Anakambadi. Anakhala pampando wa malemu atate, n'kuwerenga kalata ija kawiri, n'kuipinda.

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero. "Mwana afunika chimodzi. Besibo ni masewera ya bwanji, munthu aponya, winangu wanjuta monga ali mu thengo? Azasewera kuno, pamaso pa banja."

Chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa. Ku Lusaka kunalibe malo a amalume. Komanso anali atadinditsa kale jezi ku Chongwe, kumsana nambala wani, pamwamba pake dzina lawo m'zilembo zofiira. Ndinatsegula pakamwa, amayi anandiponda phazi. Ndinakwiya mpaka chakudya chinandikanika, koma ndinakhala chete ngati ena onse, ndipo chimenechi sindinadzikhululukirebe.

Loweruka linafika. Timu ya ku Mpanshya inabwera pa kalole ka kanta, ikuimba. Kenako panafika galimoto yoyera ya ku Lusaka. Amalume anathamangira kwa bambo wa tayi amene anatsika kutsogolo, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumufotokozera za ku Kabwe. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati iye ndi dalaivala. Wodzasankha anali mayi wamfupi wovala tirakisuti, ba Carol, amene nthawi yonseyi anali ataima pambali ndi kabuku. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kufunsa ngati abwana abwera pambuyo.

Mpira woyamba unapita kwa akulu monga mwa lamulo, ndipo mphepo inachitanso zake. Ba Carol sanalembe kanthu. Kenako Obby anakhala ngati waiwala kuti ali ndi amalume. Anaponyera Eugene kutali, mpira ukuzungulira mumlengalenga mosagwedera, n'kugwera m'manja mwake iye asanatembenuke n'komwe. Anabwerezanso, n'kubwerezanso. Ba Carol ankalemba mofulumira. Amalume ankakweza manja, kuitana, kukweza manja, kuitana, palibe chinabwera.

Pa nthawi yopuma anamukokera Obby pambali, pafupi ndi pamene ine ndi amayi tinayala nthochi.

"Wanichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatero motsitsa mawu. "Niitana, undipenya monga ndine chitsa. Pamene atate ako banamwalira, nindani anaimirira? Eugene?"

Obby anayang'ana pansi. Amayi anayamba kusanja nthochi zimene zinali zosanja kale. Choipa chake n'chakuti amalume sankanama. Atate atamwalira, abale a kuchimuna anabwera kudzatenga malata ndi ng'ombe, ndipo ba Festus anaima pakhomo ndi sipanala m'manja mpaka anthuwo anabwerera. Zimenezo anachitadi, kamodzi, zaka khumi zapitazo, ndipo takhala tikuthokoza tsiku lililonse kuchokera pamenepo.

Chigawo chachiwiri a Mpanshya anazindikira nkhani. Anaona kuti mipira yayambanso kupita kwa bambo wa nambala wani, ndiye anangomuikira anyamata awiri, wina uku wina uku. Anatipitirira ndi mapointi anayi. Nthawi itatsala ya mpira umodzi wokha, ba Carol anatseka kabuku, n'kuyandikira mzere, n'kupinda manja. Aliyense anadziwa kuti akudikira mpira umenewu.

Obby analandira mpira n'kubwerera mapazi atatu. Eugene anazemba womulondera n'kukafika kumapeto kwa bwalo, kumalo ogoletsera, ali yekhayekha, akukupiza manja ngati munthu woimitsa basi. Obby anamuona. Bwalo lonse linaona kuti wamuona, phewa lake linali litalunjika kale kumeneko. Ine ndinakuwa dzina la Eugene mpaka kukhosi kunawawa.

"Obby, mwana wa mlongo wanga," anaitana amalume ali pakati pa alonda awo awiri. "Kuno."

Obby anatembenuka n'kuwaponyera. Koma ulendo uno sanapereke ngati madzi akumwa. Anaponya mmene amaponyera pa besibo, ndi thupi lonse, mano ataluma. Pakati pa anyamata awiri a Mpanshya panali kampata kochepa kuposa windo la basi, ndipo mpira unadutsa pomwepo, n'kupyola pakati pa manja a amalume, n'kuwapeza pachifuwa. Kunamveka phuu! mpaka kumsika. Ba Festus anagwa chagada, miyendo m'mwamba, nambala wani ili m'fumbi. Mpira unagubuduka pang'ono n'kuima, wezulo n'kulira.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana ba Carol akupita kwa Obby, ndipo ndinasendera kuti ndimve.

"Mpira uja wapita pakati pa banthu babili," anatero ba Carol. "Ku Lusaka kulibe angaponye so. Koma uja anali yekha kutsogolo, sunamuone?"

"N'namuona, madamu."

"Nanga?"

"Ba malume banaitana."

Ba Carol anamuyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali. Ndikanakonda akanakwiya.

"Sembe sunamuone, sembe nakutenga," anatero. "Kuona tiphunzitsa. Manje iwe unaona."

Ba Carol anatenga Eugene. Anati mnyamata wodziwa kupeza malo opanda munthu, n'kumapitabe kumeneko ngakhale mpira sukubwera, angathe kugwira naye ntchito. Lolemba ba Evaristo anaimbira a besibo kuwapempha tsiku lina. Anayankha kuti anadikira mpaka masana, malo anapatsa mnyamata wa ku Kafue, ndipo chaka chamawa Obby adzakhala atapitirira zaka zimene amalandira.

Amalume anagona masiku atatu atamanga chitenje pachifuwa. Amayi anawaphera nkhuku yowapepesa, nthutumba inapita kumene imapita, ndipo Obby ndi amene anagwada ndi beseni kuwasambitsa m'manja. Atachira anabwerera pansi pa mango paja, kumene amauza aliyense wobwera ndi njinga kuti mwanayo mkono ali nawo koma mutu ulibe, ndiponso kuti mpira uja anali ataugwira kale, kungoti pamalopo panali dzenje. Jezi ija amaivalabe Lamlungu akachoka kutchalitchi.

Ndinamufunsa Obby kamodzi kokha ngati anachita dala kuponya mwamphamvu chotero. Anati amalume anapempha mpira, iye anawapatsa mpira. Sindinafunsenso.

Patatha milungu iwiri tinali pamahampu m'mawa, ine ndi mazira, iye ndi nthochi. Basi yochokera kum'mawa inachepetsa liwiro, windo lakumbuyo linatseguka, ndipo panatulukira mutu wa Eugene, atameta bwino, ulendo wa ku Lusaka. Anangotulutsa manja onse awiri n'kuwakupiza monga tsiku lija. Basi inali itadutsa kale hampu yomaliza, ikuyamba kuthamanga, mtunda woti munthu wanzeru sangayese n'komwe. Obby anatola phava lalikulu kuposa onse, n'kubwerera mapazi atatu, n'kuponya. Eugene analiwakha ngati alitola patebulo.

Unali mpira womwe uja, unangochedwa milungu iwiri. Ndinatembenukira kumbali chifukwa misozi inali itayamba, ndipo sindinafune azimayi a pamsika andione. Obby anayang'ana basiyo mpaka inabisika pakona. Kenako anapukuta manja pabuluku n'kuwerama kutola phava lina, chifukwa ya ku Chipata inali ikubwera.