Pensulo pa Chulu Changa

Ine ndikaona mlendo ali ndi pepala pafupi ndi munda wanga, mtima unkakwera m'mwamba. Ku Shimabala kuno mapuloti amayamba choncho: lero pepala, mawa zikhomo, mkuja waya, iwe n'kutsala ndi khasu m'manja.

Ndiye Lachiwiri lina ndikupalira chimanga, ndinaona bambo wina atakhala pa chulu changa, maso kumunda, maso papepala, dzanja likupalasa ngati nkhuku. Khasu ndinaponya uko. Ndinamufunsa amene wamutuma, ndipo asanatsegule pakamwa ndinali nditalanda kale pepalalo n'kuling'amba pakati. Malemu amuna anga, a Ackson, ankanena kuti ukali wanga udzandigwetsa m'mavuto. Sankanama.

Bamboyo sanakalipe. Anati dzina lake ndi Gershom, amagwira ntchito kufakitale ku Kafue, ndipo tsiku lopuma amatsika minibasi paliponse n'kujambula minda msangamsanga mthunzi usanasunthe.

"Onani chabe, amayi," anatero.

Ndinalumikiza zidutswazo. Manambala panalibe, malire panalibe. Panali mizere yanga, yokhota pamene ndimazemba chitsa, mtengo wa mango umene a Ackson anabzala, ndi mayi wowerama pakati pa chimanga. Timizere tingapo ta pensulo basi, koma msana umenewo unali wanga ndithu. Koma manyazi! Ndinamubwezera zonse ziwiri. Iye anatenga chakumwamba, cha mapiri ndi mitambo, n'kundisiyira cha munda.

Komabe mtima sunakhale pansi. Galimoto ikangoima pamsewu wa ku Lusaka, ine mutu dzuu. Ndinkapalira mzere umodzi, kuima, kuyang'ana, kupaliranso.

Amapuloti enieniwo anabwera chimanga chitauma. Pensulo analibe n'komwe. Anali ndi kamakina ka miyendo itatu, mafoni, ndi kalata ya chidindo. Mizere yanga anaiponda osaiona. Ndinayenda m'maofesi mpaka mapatapata kuduka, osaphula kanthu. Mango anadula, chulu anaumbira njerwa. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

A Gershom ndawafunafuna pamsika ndi pasiteshoni ku Kafue, sindinawapeze. Kachidutswa kaja kali m'buku langa la nyimbo. Lamulungu anzanga akamaimba, ine ndimatsegula pamenepo n'kuona munda wanga, mtengo wa a Ackson uli wodukira pamwamba pomwe ndinang'amba. Munthu mmodzi yekha ndiye anauyang'anitsitsa munda uja, ndipo ndi yemweyo ndinam'thamangira ndi mwano.