Chisamani cha pa Sadaka

"Auimitsanso," anatero a Monica akutuluka m'khoti ku Liwonde, mafayilo ali kukhwapa. "Mpaka pa 14 mwezi wamawa."

Kulusumu anali pakhonde la khotilo kuyambira m'mawa, kontena ya mpunga ili pamiyendo. Aka kanali kachinayi kumva mawu amenewa kuchokera kwa loya wa mwamuna wake, ndipo misozi inali itatopa kale kutuluka.

Mwamuna wakeyo, Latifu, anali atatha miyezi isanu ali pa limandi. Iye anali dalaivala wa a Abdulrahim, phungu wa dera lawo ku Nyumba ya Malamulo, amenenso anali amalume ake enieni a Kulusumu. Masana ena galimoto ya phunguyo inagunda wakabaza ku Ulongwe, bambo wa ana atatu dzina lake Jasten, n'kumusiya atafera pamsewu, iyo osaima. Amayi ogulitsa tomato anawerenga nambala. Apolisi atafika kumudzi ku Nsanama anangofunsa kuti dalaivala wa galimotoyi ndani, basi Latifu unyolo m'manja. Chonsecho tsikulo Latifu anali ku Nayuchi. Anapita pa sitima kukatenga nsalu za msonkhano, atatumidwa ndi a Abdulrahim amene. Tikiti anataya, ndani amasunga tikiti? Mawu amodzi a phungu akanamutulutsa, koma mawuwo ndi amene ankasowa.

"Nanga amalume anena chiyani lero?" anafunsa Kulusumu.

"Sanabwere. Kwabwera loya wawo, uja wa suti yonyezimira. Akuti Nyumba ya Malamulo ikamakumana, phungu sapatsidwa chisamani. Mesenjala wa khoti anapita ku Lilongwe, anamubweza pageti. Anakawadikira pamsewu, akuti iyayi, phungu akakhala paulendo wopita kapena wochokera ku Nyumbako sakhudzidwa."

"Ndiye kuti amalume anga moyo wawo wonse ali paulendo?"

A Monica anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Ife tikuti lamulolo limateteza zimene amalankhula m'Nyumba muja, osati kukhala chete munthu atafa pamsewu. Iwo akuti limateteza zonse. Woweruza akuti tisanakangane zimenezo, chisamani chiyambe chafika m'manja mwawo, ali kunja kwa Nyumba, asali paulendo. Nyumba ikutseka Lachisanu. Kodi kumudzi amabwerako?"

Kulusumu anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti sakudziwa.

"Lamulungu kuli sadaka ya agogo," anatero motsitsa mawu. "Akwanitsa masiku makumi anayi chimwalirire. Amalume sangajombe, ndi mayi awo."

"Mungathe kumulowetsa mesenjala?"

"Pa sadaka, a Monica? Pa sadaka sitinenapo milandu. Ngakhale anthu odana amadyera mbale imodzi."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ine khomo lina ndilibe."

Mu minibasi yobwerera ku Nsanama, Kulusumu anakhala pakona, mutu uli pagalasi. Panali chinthu chimene a Monica sankachidziwa, ngakhale Latifu amene. Tsiku la ngozi lija, dzuwa litapendeka, galimoto ya amalume inalowa pamudzi mothamanga n'kukaima kuseri kwa nyumba ya mayi ake. Amene anatsikamo anali Sammy, mwana wa amalumewo, msuweni wake amene anakulira naye limodzi. Nyali yakumanzere inali itasweka. Sammy anapempha madzi ndi sopo, akuti wagunda mbuzi. Kulusumu ndi amene anatunga madziwo. Mawa lake atamva za ku Ulongwe anadziwa kuti mbuziyo inali pa njinga. Dzinali analisunga pansi pa lilime miyezi isanu, akudziuza kuti amalume akangoti Latifu anali ku Nayuchi, basi, iye safunikanso kutchula munthu. Ankafuna mwamuna wake atuluke popanda iye kupereka m'bale wake. Kumeneko ndiye kufuna kuwoloka mtsinje osanyowa mapazi, ndipo mumtima ankadziwa.

Loweruka pamudzi panali piringupiringu. Amayi ankasankha mpunga pansi pa mango, mbuzi zinayi zitamangidwa pafupi ndi khola. Kulusumu anayesa kaye mayi ake.

"Amayi, amalume akafika mawa muwalankhuleko. Inu ndinu mlongo wawo, akumverani."

"Za chiyaninso?"

"Za bambo a Zulfa. Mwana akufunsa tsiku ndi tsiku."

Mayi ake anapitiriza kupeta, osamuyang'ana. "Achimwene anati udekhe, nkhaniyi akuikonza mwakachetechete. Iwe ukufuna akaime m'bokosi ngati wakuba nkhuku, wailesi zonse zikulengeza? Sukulu unaphunzira ndi thumba la ndani? Malata ali pamutu pakowo anagula ndani? Latifu ndi mkamwini, anabwera ndi chikwama, tsiku lina adzapita ndi chikwama. Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola."

"Nanga munthu ali m'ndende saola?"

"Pakamwa apo! Mawa kuli alendo, usatichititse manyazi."

Lamulungu m'mawa a Abdulrahim anafika ndi galimoto ina, yatsopano. Anatsika atavala mkanjo woyera, Sammy ali pambuyo pawo. Anyamata achipani anaima pa njira yolowera pamudzi, maso ali pa aliyense wachilendo. Koma pa sadaka sabweza munthu. Wodutsa, wamisala, wa mpingo wina, aliyense amakhala pansi n'kudya, chifukwa madalitso a womwalirayo ali m'mimba mwa alendo. Ngakhale anyamatawo ankadziwa kuti kubweza munthu tsiku limeneli n'kulanda agogo chakudya chawo.

Choncho a Chester, mesenjala wa khoti, analowa ngati wina aliyense. Anali bambo wamfupi wa ku Balaka, Mkatolika, atavala kofia yobwereka imene inkawatsikira m'makutu. Kulusumu anakumana nawo kuseri kwa khitchini.

"Ndawaona akhala pakhonde ndi mashehe," ananong'ona a Chester. "Akamapemphera muja amatambasula manja chonchi. Ndingoponyamo pepalali, ine ulendo."

"Iyayi!" Kulusumu anawagwira mkono. "Manja amenewo amakhala atatambasulira Mulungu, si inu. Duwa, pemphero lawolo, ithe kaye. Agogo anga sanalakwire munthu."

"Ikatha andizungulira anyamata aja."

"Madzi osamba m'manja amalume amawathirira ndine, chiyambire ndili mtsikana. Inu munyamule beseni, muzinditsatira. Musalankhule."

Duwa inatenga nthawi. Kulusumu anaima pakona pa nyumba ndi jagi ya madzi. Ankaona msana wa amalume ake, munthu amene anamunyamula paphewa kupita naye kuchipatala atalumidwa ndi njoka, amenenso anakhala nkhoswe pa ukwati wake. Ankawakonda, ndipo zimenezo ndi zimene zinkamupweteka kwambiri. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, akuluakulu ananena, koma sananene kuti mwini mkhate azitani akamamva ludzu.

Anthu atati "Amina" n'kupukuta nkhope, Kulusumu anakwera pakhonde n'kugwada. A Chester anagwada pambali pake ndi beseni.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Abdulrahim akumwetulira, manja atatambasula. "Waonda bwanji? Sukudya?"

"Ndikudya, amalume."

Anawathirira madzi. Anasamba bwinobwino, chala chimodzichimodzi, n'kutambasulanso manja kuti alandire kansalu kopukutira. A Chester anaika beseni pansi, anasolola envulopu m'malaya n'kuiika m'manja monyowamo.

"Olemekezeka, chisamani cha khoti la ku Liwonde. Mukaonekere pa 14. Mwalandira pamaso pa anthu."

Shehe wamkulu anatsitsa maso. Sammy anadzuka n'kulowa m'nyumba. A Abdulrahim sanayang'ane envulopuyo, anayang'ana Kulusumu.

"Pa sadaka ya amayi anga?"

"Ndinayesa makomo onse, amalume. Foni simuyankha."

"Wandithirira madzi ndi dzanja ili, lina labisa mpeni." Analankhula mosakweza mawu, ndipo zinali bwino akanakalipa. "Mashehe, mwaona nokha. Unkhoswe wanga pa banja la mwana uyu wathera pano. Bweretsani mpunga, alendo ali ndi njala."

A Chester anatsika pakhonde kofia ili m'manja, ndipo palibe anawakhudza, pakuti analinso mlendo wa pa sadaka. Kulusumu ndiye analibe kothawira. Atabwerera kukhitchini amayi onse anasiya kulankhula. Wina anamulanda chipande mwaulemu ngati akumuthandiza. Madzulo mbale zitatsukidwa, mayi ake anabwera pakhomo pake koma sanalowe.

"Munda wa kudimba uja ndi wa mbumba," anatero ali chiimire. "Mwini mbumba wamuvula pagulu. Usakapondemonso mpaka iye mwini adzanene."

Pa 14 Kulusumu anakwera minibasi yoyamba. Masiku ena onse a mlandu ankabwera ndi azakhali kapena mng'ono wake. Lero pa benchi anali yekha. Anamubweretsa Latifu atamangidwa limodzi ndi mkaidi wina, malaya atamukulira. Kulusumu ankangoyang'ana kukhomo, akudikira mkanjo woyera.

Kunalowa suti yonyezimira ija. Loyayo anapereka pepala kwa woweruza ndipo analankhula Chingerezi nthawi yaitali. A Monica anadzuka, anatsutsa, anakhala, anadzukanso. Woweruza anavula magalasi n'kupukuta m'maso, kenako analemba.

"Atenga chiletso ku khoti lalikulu ku Zomba," a Monica anamufotokozera panja. "Chisamani avomera kuti analandira. Koma akuti funso loti phungu angakakamizidwe kuchitira umboni ndi lalikulu, khoti lino silingaliyankhe. Mpaka a ku Zomba agamule, mlandu wa amuna anu waima."

"Agamula liti?"

"Mwina miyezi isanu ndi umodzi. Mwina chaka. Woluza akhozanso kupita nayo pamwamba."

Galimoto ya kundende inali italiza kale injini. Kulusumu anathamangira kumbuyo kwake. Latifu anakanikiza nkhope pa waya.

"Mayi a Zulfa, abwana abwera?"

"Sanabwere."

"Anandiuza kuti ndisalankhule zambiri, ndikhalamo sabata imodzi yokha." Anayesa kuseka koma zinakanika. "Kaya ndi ndani ankayendetsa tsiku lija, Mulungu yekha akudziwa. Iwe usadandaule, uzingosamala mwana."

Galimoto inanyamuka. Kulusumu anaima pafumbipo, manyazi akumuwotcha thupi lonse. Munda unapita, unkhoswe unatha, mayi ake sankamulankhula, ndipo zonsezo anazilipira pofuna kuti wina anene chimene iye mwini ankachidziwa. Mwamuna wake ankati Mulungu yekha ndiye akudziwa, pamene wodziwa winayo amamuphikira mpunga.

Anabwerera pakhonde pamene a Monica ankalongedza mafayilo.

"A Monica, lamulo limene likutchinga amalumeli, limatchinganso abale awo?"

"Iyayi. Ndi la aphungu okha."

"Ine silinditchinga?"

"Inu ayi. Bwanji?"

Kulusumu anawauza zonse, za nyali yosweka, za sopo, za mbuzi ya pa njinga. A Monica anamvetsera osamudula, kenako anakhala pansi pa benchi.

"Miyezi yonseyi, mayi?"

"Ndinkaopa."

"Mudziwiretu. Adzati mukunama kuti mupulumutse amuna anu. Adzakufunsani chifukwa chimene munatungira madzi aja, ndi chimene munakhalira chete. Loya uja adzakuvulani pamaso pa anthu. Ndipo kumudzi kuja mwina simudzagonakonso."

"Kumudzi ndikugonako ngati mlendo kale. Kupolisi n'kutali?"

Sikunali kutali. Anayenda wapansi, dzuwa lili paliwombo, a Monica patsogolo, iye pambuyo ndi kontena ya mpunga imene sanathe kupereka. Wapolisi wa pakauntala anatsegula buku, anayesa bolopeni pachikhatho, n'kufunsa dzina lake, mudzi ndi mfumu. Kulusumu anayankha zonse.

"Mwati munamuona amene ankayendetsa. Mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Ndi ndani wanu?"

"Msuweni wanga," anatero Kulusumu. "Mwana wa amalume. Lembani kuti Sammy."