Phazi la Bambo Ibrahim

Ofesi ya Dinnah inali itatsala madzi amodzi. Ntchito yawo, anthu anayi okha, inali yoonetsetsa kuti makampani osamalira odwala m'makomo mu Birmingham sakulipiritsa boma ntchito zimene sanagwire. Koma Fiona, bwana wawo, anabwera ndi uthenga wa akuluakulu: ofesiyo ikudya ndalama zambiri kuposa zimene ikupulumutsa, ndipo Lachisanu akumana kuti aitseke. Akuti kuimbira odwala foni n'kokwanira.

Dinnah zinamupweteka, poti chala chinkaloza iye. Anzake ankaimba foni, iye n'kumakwera basi kukaona wodwala maso ndi maso, malalanje ali m'manja, ngati akukazonda azakhali ake ku Mponela. Akakhala pansi sankadzuka msanga. Anzakewo ankamuseka kuti ndi mayi wa Mvano wosochera mu ofesi.

Lachitatu anangoti kaya atseke kaya asatseke, ulendo wa ku Sparkhill ulipo. Kumeneko kunali bambo Ibrahim, mkulu wa ku Mangochi wodwala shuga, amene kampani ina inkati imawatumizira namwino tsiku lililonse kudzatsuka bala la kuphazi. Pa foni mkuluyu ankayankha chimodzimodzi: ali bwino, akuthokoza. Nanga Mmalawi wachikulire angadandaulire mawu achilendo a pa foni? Olo mwendo ukuwola, amayamba ndi "ndili bwino".

Dinnah anapereka moni atapinda maondo, n'kukhala. Anacheza za kuzizira, za kudula kwa zinthu pa Stratford Road, za adzukulu oyankha m'Chingerezi. Kapu yachiwiri ya tiyi itatha, m'pamene anafunsa.

"Bambo, manesi akubwera bwinobwino?"

"Amabwera, mwanangu. Ali busy anthu aja, ma shift ambiri. Tisawavutitse."

"Komaliza anabwera liti?"

Mkuluyo anazyolika. "Ramadan isanayambe."

Apa n'kuti Eid itadutsa kale. Dinnah anapempha kuona phazilo. Analipeza lokulungidwa ndi nsanza ya shati yakale, yomanga mwini wake. Fungo lake linamulengezetsa misozi, kenako mtima unamuwira. Anaitana ambulansi, n'kuimbira Fiona.

"Bwerani kuchipatala mudzaone nokha. Foni sinunkhiza."

Fiona anafika, ndipo anamva ndi makutu ake dokotala akunena kuti akanachedwa pang'ono, mwendo wonse ukanadulidwa. Mawa lake anayi onse anatuluka mu ofesi, ngakhale oseka aja, n'kugawana makomo a kampani yomweyo. Ku Aston anapeza zomwezo: odwala aulemu, anamwino a pa pepala pokha, boma likulipira.

Lachisanu Fiona yemwe uja anaimirira pamaso pa akuluakulu n'kuwafunsa kuti mwendo wa munthu aulemba mtengo wanji. Ofesi sinatsekedwe, kampani ija inalandidwa ntchito, ndipo kukaona odwala kunasanduka lamulo. Dinnah anatsika masitepe akuvina, manyazi onse atathawa.

Nyengo yozizira ya kuno itayamba, pakhomo pa ofesi panagogoda munthu. Anali bambo Ibrahim, akuyenda ndi mapazi awo onse awiri, jumbo ya malalanje ili m'manja.

"Muli bwanji, bambo?" anafunsa Dinnah.

"Ndili bwi..." Anaima, n'kuseka. "Ayi, inu ndikuuzani zoona, mwanangu. Phazi likuyabwa, ndipo chakudya cha kuchipatala chinalibe mchere."