Mafulasiki Awiri a Mzee Mwakalinga

Kwa ine ngati dokotala, wodwala amene thupi lake likutsutsana ndi zimene ndikuona amandisowetsa mtendere. Mzee Mwakalinga, bambo wachikulire, anali wotero.

Anabwera kuchokera ku Tukuyu atanyamula nsapato m'manja, chifukwa mapazi anali atatupa osalowanso. Mtima wawo unali wotopa, sunkapopa bwino magazi, choncho madzi ankadzaza m'mapapo. Impso nazo zinali zofooka. Vuto linagona pamenepo. Mankhwala okodzetsa amene amapulumutsa mapapo ndi omwewonso amapha impso ukawachulutsa. Ukachepetsa, munthu amamira ali pabedi.

Tinkawapatsa mlingo woyenera, ndipo ankakodza mokwanira ndithu. Tinawauzanso kuti azimwa pang'ono, iwo n'kugwedeza mutu mwaulemu. Koma m'mawa uliwonse tikawakweza pa sikelo, ankapezeka alemera kuposa dzulo lake.

Dokotala Lyimo, mkulu wa wodi yathu, sakonda kuzengereza.

"Tusekile, wirikiza mankhwalawo," anandiuza tili pakhonde. "Impso zikakana, tiwaika pa makina osefa magazi."

"Mtima umenewu sungapirire makinawo, bambo. Ngakhale utapirira, kwawo ku Tukuyu ndiye kwatha. Azingokhala m'tauni muno kudikira makina."

"Nanga ukufuna tidikire chiyani? Mngelo?"

"Madzi akutuluka bwinobwino. Ngati munthu akulemerabe, ndiye kuti alipo akuthira. Mundipatse mpaka mawa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Akabanika, abale awo ukawauza wekha."

"Ndikawauza."

Ndinali nditamvera chifuwa chawo ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku limodzi tili nalo. Awiri ayi.

Madokotalafe tili ndi kakhalidwe kathu. Belu la alendo likangolira, timazemba m'wodi kuthawa mafunso. Tsiku limenelo ndinakhala pa mpando wa anamwino, ngati ndikuwerenga zanga.

Masana analowa Mama Gwakisa, mkazi wawo wamkulu, atakumbatira fulasiki yaikulu ngati mwana. Munali mtori, msuzi wa nthochi ndi nyama uja, ndipo fungo lokha linkakuuza kuti mchere sanaumire. Anathira m'mbale, Mzee n'kumwa. Anathiranso, n'kumwanso. Mpaka fulasiki inauma.

Madzulo anatulukira Mama Lusajo, mkazi wamng'ono. Asanapereke n'komwe moni, ananunkhiza mbale ija.

"Zingati mwamwa za anzathuwa?"

"Zitatu," Mzee anayankha motsitsa mawu.

Mama Lusajo anatsegula fulasiki yake, ya msuzi wa nkhuku, n'kuthira zitatu. Pamwamba pake anawonjezera tiyi wamkaka.

Alendo atatuluka ndinapita pabedi paja mtima ukuwira.

"Mzee, tinagwirizana chiyani za zakumwa?"

"Mwanangu, unakwatiwa?"

"Eya."

"Pamitala?"

"Ayi."

"Ndiye matenda anga sukuwadziwa. Ndikasiya cha Mama Gwakisa m'mbale, ndanyoza mkulu. Ndikamaliza chake n'kusiya cha mnzake, nkhondo ifika mpaka kwa ana. Bola kumira, mwanangu."

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndinawamvera chisoni. Munthu wamkulu ankadzimiza yekha ndi supuni pofuna mtendere wa pakhomo.

Mankhwala sindinawonjezere ngakhale kambewu kamodzi. M'mawa mwake ndinaitanitsa amayi onse awiri nthawi imodzi, zimene zinali zisanachitikepo chigonereni Mzee m'wodimo. Anakhala pa benchi, wina uku wina uko, aliyense ndi fulasiki yake pamiyendo. Ndinaika patebulo kakapu kamodzi kachitsulo.

"Amayi anga, kuyambira lero bambowa amwa za m'kakapu aka basi, ndipo wothira ndi namwino. Mchere ayi. Mafulasikiwo atsale kuno."

"Heee!" anatero Mama Gwakisa. "Wodwala wopanda msuzi? Kwanu odwala mumawapha ndi njala?"

"Kamtsikana aka!" Mama Lusajo anawomba m'manja. "Kaphunzira, koma sikanaleredwe."

"Tukwanani mmene mungathere," ndinatero. "Koma amene akufuna kuvala zakuda msanga abweretse ina mawa. Ndidzamutchula dzina pamaso pa ana onse."

Anayang'anana koyamba, kenako onse n'kundiyang'ana ine ndi diso limodzi. Mafulasiki ndinakawatsekera mu ofesi mwanga.

Mawa lake sikelo inatsika. Mkuja inatsikanso. Mzee anayamba kugona chagada osabanika, ndipo magazi titawayeza anaonetsa kuti impso zayamba kutsitsimuka. Apo ndinachepetsako ndi mankhwala omwe, kuti zipume.

Dokotala Lyimo anayang'ana zotsatirazo nthawi yaitali.

"Wachita mwayi," anatero.

"Si mwayi, bambo. Ndinangotsala nthawi ya alendo."

Pambuyo pake ndinamumva akuuza dokotala wina wachinyamata kuti asiye kuthawa belu.

Amayi aja sanandikhululukire. Anayamba kubwera limodzi, pa minibasi imodzi, n'kukhala mbali imodzi ya bedi kumandijeda. Ndikamadutsa, wina ankatsonya, mnzake n'kuvomereza. Ndikapereka moni, onse ankayang'ana kuzenera. Kunena zoona zinkandiwawa, pakuti nanenso ndine mwana wa munthu.

Tsiku lotuluka, Mzee anavala nsapato zawo zija n'kumanga zingwe okha. Ndinatenga mafulasiki kuti ndikawabweze kwa eni ake, ndipo mumtima ndinali nditakonza mawu opepesa chifukwa cha zakuda zija. Amayiwo anali atatsogola kale, atagwirizira chikwama chimodzi, wina chogwirira ichi wina icho.

Mzee anandigwira dzanja.

"Ukupita nawo kuti?"

"Ndikawabweze, ndipepesenso. Ndinawalankhula mowawa."

"Usayerekeze," ananong'ona. "Chiwakwatirireni sindinawaonepo akugwirizana pa kanthu. Lero agwirizana kuti woipa ndiwe. Ukapepesa, woipa ndikhalanso ine, ndipo mafulasikiwo adzadzanso."

Anandisiya nditaima pomwepo, n'kuyamba kuwatsatira akazi awo pang'onopang'ono, nsapato zikulira pa simenti. Mafulasiki aja adakali mu ofesi mwanga.