Belu la Sitima ya Ajeremani

Tsiku lomaliza limene Maxon anaona mchimwene wake Overton ali moyo, Overton anali atakhala pa masitepe a nyumba yawo ku Satwa, kudziko la Aluya kumene ankagwira ntchito, akutsokomolera m'masiki, uku akupukuta kabelu ka abwana ake.

"Achimwene, pitani kuchipatala."

"Iwe, sukulu inakukana, lero wasanduka dokotala?"

Sabata isanathe, korona inamutenga. Achipatala anati mtembo ungapite ku Malawi ngati kalata yosainidwa ndi bwana ifike pofika Lamlungu; kupanda apo, amuika konkuno.

Bwanayo anali ndi kampani yoperekeza alendo kukasambira pansi pa nyanja. Mtima wake wonse unali pa sitima yankhondo ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi, imene inaphulitsidwa mu 1943 kufupi ndi doko la Fujairah isanamize n'chombo chimodzi chomwe. Chaka chilichonse ankapita paboti pamwamba pa malowo kukawerenga mayina a anthu makumi asanu ndi mphambu ziwiri amene anaferamo, Overton n'kumaliza belu pa dzina lililonse.

"Pepa, habibi, m'bale wanga," anatero bwanayo Maxon atamupeza Lachisanu m'mawa, tsiku la mwambowo. "Ndisaina tikabwerako. Koma lero ndilibe woliza belu. Yalla, fulumira, vala yunifomu yake, msinkhu ndi womwewo."

Malayawo ankanunkhabe thukuta la Overton. Maxon anavala, kalata ili m'thumba.

Panyanja alendo anavula mamasiki kuti aoneke bwino pa kamera. Bwana anawerenga mayina mwachifatse, misozi yeniyeni ikutsika. Mayi wina ankalira akutafuna mphesa. Maxon analiza belu. Ajeremani awa anabwera kudzapha anthu anzawo, koma dzina lililonse bwana ankalidziwa pamtima. La munthu amene anamunyamulira masilinda a mpweya zaka zisanu ndi chimodzi sanalitchule chichokereni kudoko.

Dzina lomaliza litatha, Maxon analizanso kamodzi.

"Overton Nkhwazi," anatero.

Wojambula anatsitsa kamera. Bwana anapukuta maso, n'kumuyang'ana ngati wataya zinyalala m'tchalitchi.

"Wawononga vidiyo. Awa ndi manda a asilikali, ukudziwa?"

"Kalata ija, bwana."

"Khalas, basi. Mawa."

Mawa lakelo foni sinayankhidwe. Lamlungu mlonda wa paofesi anati bwana ali ku Fujairah, akujambulanso mwambo uja, belu akuliza Mfilipino.

Overton anaikidwa m'manda ku Jebel Ali, kudziko la Aluya komweko, pa 20 Okutobala 2020.